"Mwana wanga sankadziwa": yankho kwa mayi wa ku Angónia, ku Mozambique

Mayi anga, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ndiyambe ndaibwereza mwachidule kuti ena amene akuwerenga nafe amve chimene tikukambirana. Mwana wanu wamwamuna, wa zaka 24, atagulitsa kachewere wake wa chaka chino anapita kumsika wa m'malire kufupi ndi Lizulu, komwe anagula njinga yamoto kwa munthu wa tsidya la Malawi kuti ayambe kabaza. Anaidutsitsa pa kanjira ka m'minda kamene nonsenu mumadzera popita kumaliro ndi kuchigayo, osafika pa kasitomu. Wagwira nayo ntchito miyezi iwiri. Sabata yatha apolisi anamuimitsa pa Ulóngue, n'kupeza kuti alibe livrete (buku la kalembera wa njingayo) ngakhale pepala lililonse la Alfândega (ofesi ya kasitomu), ndipo atafufuza nambala ya injini anati njingayo inabedwa ku Malawi. Lero ali m'chitokosi. Funso lanu nali: "Mwana wanga sankadziwa. Kodi munthu angamangidwe pa chinthu chimene sankachidziwa?"

Mawu anuwa akuti "sankadziwa" mwawalemba kamodzi, koma mkati mwake muli nkhani ziwiri zosiyana, ndipo tsogolo la mlanduwu lagona pa kuzilekanitsa bwino. Mnyamatayu sankadziwa kuti njinga yochokera kunja imayenera kudzera pa kasitomu. Uku ndi kusadziwa lamulo. Sankadziwanso kuti njingayo ndi yakuba. Uku ndi kusadziwa mmene zinthu zinalili. Koyambako sikungamupulumutse. Kwachiwiriko kungathe kumutulutsa.

Ndiyambe ndi kowawako.

Anthu a malamulo tili ndi mawu achilatini amene tinawalandira kuchokera kwa Aroma kudzera mwa Apwitikizi. Amodzi mwa iwo ndi akuti ignorantia juris non excusat, kutanthauza kuti kusadziwa lamulo sikuchotsa mlandu. Kuno kwathu si mwambi chabe wa maloya ayi, analembedwa. Ndime 6 ya Código Civil, buku la malamulo la mu 1966 limene dziko lathu linapitiriza kuligwiritsa ntchito titalandira ufulu mu 1975, imanena kuti kusadziwa lamulo kapena kulimva molakwika sikulungamitsa munthu amene sanalitsate, ndiponso sikumuchotsera chilango chimene lamulolo linaika. Taonani kuti atchulamo ndi kulimva molakwika komwe. Choncho ngakhale mwana wanu atanena kuti anzake a kabaza anamuuza kuti njinga yogwiritsidwa kale ntchito silipiridwa msonkho, yankho la khoti likhala lomwelo. Lamulo la milandu ya upandu la mu 1886, limene linagwira ntchito kuno mpaka mu 2015, nalonso linkanena zomwezi pa ndime 29, ndipo mfundoyi sinachoke pamene malamulo a upandu analembedwanso mu 2014 ndi mu 2019. Mukawoloka malire simuithawanso, pakuti ndime 7 ya lamulo la upandu la Malawi imanena chimodzimodzi.

Ndikudziwa chimene mtima wanu ukunena, poti inenso chimandivuta. Lamulo la dziko lino limayamba kumanga anthu likasindikizidwa mu nyuzipepala ya boma yotchedwa Boletim da República, ndipo ngati silinatchule tsiku lina limayamba kugwira ntchito pakapita masiku 15. Limasindikizidwa ku Maputo, m'Chipwitikizi cha anthu ophunzira, chimene ngakhale amene anafika sekondale amachita kuchibwereza katatu kuti achimve. Ndani ku Domué kapena ku Tsangano anaionapo Boletim imeneyi ndi maso? Malamulo aakulu a dziko pa ndime 10 amati Chipwitikizi ndiye chilankhulo cha boma, pamene ndime 9 imati boma limalemekeza zilankhulo zathu ndi kuzitukula. Ine ndimaona kuti boma limene likufuna kuti munthu asanene kuti "sindinkadziwa" lili ndi ngongole yomuuza munthuyo lamulo m'chilankhulo chimene amalota nacho, pa wailesi, pamsonkhano wa mfumu, pamsika, ngakhale pa chikwangwani cha pamalire. Ngongole imeneyi sinabwezedwe mokwanira, ndipo amene amavutika nayo ndi anthu ngati mwana wanu. Komanso kwa ife a m'malire, malirewo anatipeza. Mbumba imodzi ili uku ndi uko, manda amodzi, gule mmodzi. Munthu sachimva mumtima kuti walowa dziko lina pamene wangodumpha ngalande ya munda wa amalume ake.

Ngakhale zili choncho, sindingakunamizeni kuti mfundoyi ndi yopanda nzeru. Tayerekezani kuti khoti likanamamasula aliyense wonena kuti sankadziwa lamulo. Amene analanda munda wa mayi wamasiye akanati sankadziwa. Bambo wotenga mtsikana wa zaka 15 kukhala mkazi wake akanati sanamvepo za lamulo nambala 19 la mu 2019, limene limaletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18 ndipo limatha kumumanga munthu wamkulu mpaka zaka 12. Ndani angalowe m'mutu mwa munthu kukaona ngati akunena zoona? Opindula akanakhala ochenjera pakamwa, osati osauka. Ndiye mfundo imene ikumupweteka mwana wanu lero ndi yomweyo imene ingadzateteze mdzukulu wanu wamkazi mawa.

Pa mbali ya kasitomu, tsono, konzekerani. Kulowetsa katundu m'dziko osadzera pa Alfândega lamulo limakutcha contrabando, ndipo kudzera pomwepo koma n'kuzemba msonkho ndi descaminho. Milandu yotere ili ndi njira yake, ndipo pamakhala kulandidwa katundu, chindapusa ndi zilango zina malinga ndi kukula kwa nkhani. Chimene chingamuthandize apa si kuumirira kuti lamulo sankalidziwa. Ndi zina zimene oweruza amaziyang'ana poyeza chilango: kuti sanapalamulepo mlandu chiyambire, kuti sanathawe, kuti wanena zoona osachita kum'panikiza, kuti njingayo inali imodzi yoti adyetsere banja, sanali wamalonda wodutsitsa katundu usiku ndi usiku.

Tsopano tibwere pamene pali mpata weniweni.

Aroma omwewo amene anatisiyira mawu ouma aja sanalekere pomwepo. Katswiri wawo wa malamulo dzina lake Paulus analemba chiganizo chimene chinasungidwa mu Digesta, mulu wa malamulo umene mfumu Justinian inasonkhanitsa m'chaka cha 533. Anati kusadziwa lamulo kumamupweteka munthu aliyense, koma kusadziwa mmene zinthu zilili sikumupweteka. Kumeneku ndiko kunachokera mawu akuti ignorantia facti excusat. Ndikupatseni chitsanzo cha kwathu. Mayi wachoka kuchigayo atasenza thumba la ufa la mnzake poyesa kuti ndi lake, pakuti matumbawo ndi ofanana. Ameneyu si wakuba. Amadziwa bwino lomwe kuti kuba n'koletsedwa, chimene sanadziwe ndi chakuti thumbalo ndi la mwini. Koma wina atatenga thumba akudziwa kuti si lake, n'kudzanena kuti sankadziwa kuti dziko limaletsa zimenezi, palibe angamumvere. (Aroma ankachitirako chifundo anthu ena ngakhale pa kusadziwa lamulo kwenikweniko, monga achinyamata osafika zaka 25 ndi asilikali, pa nkhani zina za chuma. Lamulo lathu la lero silinatengere chifundo chimenechi pa munthu wamkulu ngati mwana wanu, ndiye musachidalire.)

Mlandu wolandira kapena kugula katundu wakuba, umene m'mapepala muuona utalembedwa kuti receptação, umayang'ana chimene wogulayo ankadziwa pa nthawi yogula. Kupezeka ndi njinga yakuba pakokha sikum'sandutsa munthu wakuba kapena mnzake wa wakuba. Ndipo si mwana wanu amene ayenera kutsimikizira khoti kuti ndi wosalakwa. Ndime 59 ya malamulo aakulu a dziko imati woimbidwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litagamula komaliza. Ntchito yobweretsa umboni ndi ya Ministério Público, ndiye kuti a procurador, oimira boma pa milandu. Akalephera kuchotsa chikayiko, pali mawu enanso achilatini amene amaima kumbali ya mwana wanu: in dubio pro reo, pakakhala chikayiko mlandu umakomera woimbidwa.

Koma apa ndikufuna mundimvetsetse, mayi, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Woweruza sangotenga mawu akuti "sindinkadziwa kuti ndi yakuba" n'kutseka faelo. Adzafunsa zimene munthu aliyense wanzeru akanafunsa. Njingayo inagulidwa pa mtengo wanji, ndipo yofanana nayo imagulidwa ndalama zingati? Inagulidwa masana pamsika anthu akuona, kapena kuseri kwa nyumba dzuwa litalowa? Wogulitsayo ndi munthu wodziwika, wokhala ndi mudzi ndi mfumu yake, kapena wongotulukira? Mwana wanu anafunsa mapepala? Anayankhidwa chiyani? Nambala ya injini inali yooneka bwino kapena yopalidwa? Makiyi anali enieni? Atagula anaibisa, anaisintha utoto, kapena ankayenda nayo poyera pa siteji ya kabaza? Munthu amene wapatsidwa njinga yatsopano pa theka la mtengo, popanda pepala, ndi munthu wokana kutchula dzina lake, n'kusankha kusafunsa kanthu, lamulo silimuona ngati wosadziwa. Limamuona ngati wotsinzina dala. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi khoti limaganiza ngati akuluakuluwo.

M'kalata yanu muli zinthu ziwiri zimene zandilimbitsa mtima. Mwanena kuti pogula panali mlamu wake ndi mnzake wina, ndiponso kuti wogulitsayo analemba kapepala kovomereza kuti walandira ndalama. Kapepala kameneko musakapeputse ngakhale kali kong'ambidwa m'kope la sukulu. Kajambulitseni makope, choyambacho muchisunge pouma, ndipo musachipereke m'manja mwa munthu aliyense popanda kulembedwa kuti chalandiridwa. Mboni ziwirizo zikumbukire tsiku, malo ndi mtengo, ndipo zikanene zimene zinaona basi, osawonjezera pofuna kuthandiza. Mboni imodzi ikagwidwa bodza, zoona za anzake zimafera pomwepo. Ngati pa foni ya mwana wanu pali nambala ya wogulitsa, mauthenga, kapena chizindikiro cha ndalama zotumizidwa pa M-Pesa kaya e-Mola, zisafufutidwe. Ndipo miyezi iwiri imene wakhala akunyamula anthu poyera pa Ulóngue, pamaso pa apolisi omwewo, ndi umboni pawokha. Wodziwa kuti wakwera chakuba sakonda kuima nacho pamsika.

Za njingayo, mtima muuike pansi. Ngati ndi yakubadi, ibwerera kwa mwini wake ngakhale mwana wanu atapezeka wosalakwa. Achilatini amati nemo dat quod non habet, munthu sangapereke chimene alibe. Wakuba analibe umwini, ndiye sakanaugulitsa. Código Civil pa ndime 892 imati kugulitsa katundu wa mwini ndi malonda opanda mphamvu, ndipo ndime 894 imapatsa wogula mosadziwa ufulu woitanitsa ndalama zake zonse kwa amene anam'gulitsa. Palinso ndime 1301, imene anthu ambiri saidziwa: munthu akagula chinthu ndi mtima woyera kwa wamalonda amene ntchito yake ndi kugulitsa zinthu za mtundu womwewo, mwini wake pofuna kuchitenga ayenera kum'bwezera wogulayo ndalama zimene analipira, kenako iye akalondole wolakwayo. Mwana wanu akanagula m'sitolo ya njinga, ndime imeneyi ikanamugwira dzanja. Poti anagula kwa munthu wamba, njira yake ndi yolondola wogulitsayo, ndipo poti ali tsidya lina, zimenezi zifuna kuti dzina lake ndi mudzi wake ziperekedwe kwa ofufuza kuti alumikizane ndi anzawo a ku Malawi. Musatume achibale kukam'gwira okha kapena kukalanda mbuzi zake. Mungabale mlandu wachiwiri woposa woyambawu.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si njinga, koma masiku. Mwati wakhala m'chitokosi kuyambira sabata yatha ndipo simunatchule zoti anaonekera kwa woweruza. Munthu akagwidwa ayenera kuperekedwa kwa woweruza pasanathe maola 48, kuti woweruzayo amufunse ndi kuona ngati kumangidwako kuli kovomerezeka. Si apolisi kapena ofufuza milandu a SERNIC amene amagamula kuti munthu adikire mlandu wake ali m'ndende. Ndi woweruza. Ndipo ndende si njira yokhayo. Angathe kum'tulutsa atalembetsa dzina ndi malo okhala, chimene chimatchedwa termo de identidade e residência, angathe kumulamula kuti azikaonekera masiku oikika, kapena kuika belo, imene m'mapepala ndi caução. Mnyamata wokhala ndi munda, mkazi ndi mudzi wodziwika ali ndi zifukwa zabwino zopemphera kuti adikire ali kunyumba. Ngati maola aja anadutsa osaonekera kukhoti, pitani ku Procuradoria (ofesi ya a procurador) ya boma la Angónia mukadandaule, pakuti kuyang'anira kuti anthu asasungidwe mosemphana ndi lamulo ndi ntchito yawo. Palinso pempho lotchedwa habeas corpus, limene ndime 66 ya malamulo aakulu imapatsa munthu womangidwa mosatsata lamulo, ndipo khoti liyenera kuyankha pasanathe masiku 8.

Musaope kuti mulibe ndalama za loya. Ndime 62 ya malamulo aakuluwo imati boma limatsimikizira woimbidwa mlandu ufulu wodziteteza ndi wothandizidwa pa zamalamulo, ndipo wosauka ayenera kupatsidwa womuimira. Bungwe la IPAJ, limene linakhazikitsidwa mu 1994, ntchito yake ndi imeneyi, ndipo limathandiza ulere anthu opanda ndalama. Kawirikawiri amafuna kalata yochitira umboni kuti ndinu osowa, atestado de pobreza, imene mumaiyambira kwa akuluakulu a dera lanu. Ipezeni msanga.

Pali chinthu china chimene ndachiona kambirimbiri pa ntchito yangayi, ndipo nthawi zonse chimandiwawa. Munthu amafunsidwa m'Chinyanja, amayankha m'Chinyanja, koma zolembedwa zimatuluka m'Chipwitikizi, iye n'kudinda chala osadziwa chimene wadindira. Ndinaimirapo bambo wina amene ananena kuti "ndinamva mawa lake kuti ng'ombeyo ndi yakuba", koma papepala panalembedwa ngati ankadziwa kuyambira pachiyambi. Tinatha miyezi tikulimbana ndi chiganizo chimodzi chimenecho. Pa mlandu wa mwana wanu, kusiyana kwa "ndinkadziwa" ndi "ndinadziwa apolisi atandiuza" ndiko kusiyana kwa ndende ndi kunyumba. Muuzeni kuti ali ndi ufulu wa womasulira popanda kulipira ngati Chipwitikizi sachimva bwino, ndipo asasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sanamuwerengere m'chilankhulo chake. Alinso ndi ufulu wokhala chete pa zimene akumuimba mpaka ataonana ndi womuimira. Achilatini amati nemo tenetur se ipsum accusare, palibe wokakamizidwa kudzineneza yekha, ndipo kukhala chete sikuyenera kutengedwa ngati kuvomera. Dzina lake, makolo ake ndi kumene amakhala, zimenezo ayankhe zoona. Zotsalazo adikire womuimira, kenako afotokoze nkhani yake kamodzi, mwadongosolo, yosasinthasintha.

Mwina pofika lero wina wakuyandikirani kale n'kukunong'onezani kuti mukapereka kangachepe nkhaniyi itha usiku umodzi. Musayese, mayi. Wopereka chiphuphu amapalamula mlandu monga wolandira, ndipo apanso "sindinkadziwa" sangakuthandizeni. Kuonjezera apo, faelo imene yatsegulidwa siifa chifukwa munthu watuluka pakhomo la kuseri. Mlandu suwola. Ingadzatulukire tsiku limene mwana wanu akufuna kalata ya registo criminal, yoonetsa ngati munthu anapalamulapo mlandu, kuti alowe ntchito ku migodi ya Moatize. Ndalama iliyonse yovomerezeka, kaya ndi belo kaya chindapusa, imalamulidwa polemba ndipo imakhala ndi lisiti. Popanda pepala, musatulutse ngakhale metical imodzi.

Mfumu yanu ndi akuluakulu a mudzi ali ndi gawo lawo, ndipo musawadumphe. Mlandu uwu sungathere pabwalo la mfumu kapena ku khoti la kumudzi (tribunal comunitário), poti ndi waupandu ndipo wakhudza malire a dziko. Koma mawu a mfumu onena kuti mnyamatayu ndi mwana wa m'mudzi muno, amalima, sanagwidwepo ndi cha mwini, ndipo ndalama zogulira njinga zinachokera ku kachewere amene anthu anamuona akukumba, amalemera pamaso pa woweruza. Ngati amene anagula kachewereyo angapezeke kuti achitire umboni za ndalamazo, ndi bwino kwambiri.

Mawa m'mawa muchite izi. Tengani chiphaso chanu ndi cha mwana wanu, makope a kapepala ka malonda kaja, mayina a mboni ziwiri zija ndi kumene zimakhala. Yambirani kupolisi mukafunse nambala ya faelo, tsiku ndi ola limene anagwidwa, ndiponso ngati waperekedwa kale kwa woweruza. Zimene akuyankheni muzilembe, kapena mupite ndi wachibale wodziwa kulemba. Kuchoka apo pitani ku IPAJ, ndipo mukawafotokozera nkhaniyi muilekanitse monga ndakulekanitsirani muno: za kasitomu pazokha, za kubedwa kwa njinga pazokha. Mukapeza mpata woonana ndi mwana wanu, mum'tengere chofunda, poti kuzizira kwa ku Angónia mukukudziwa, ndipo mumuuze za pepala losadinda chala lija musanayambe kukamba zina zonse.